Mmene mungapezere mtengo woyenera wa lathe yakale yosemera matabwa musanaigulitse

Lathe yosemera matabwa, makina aja amene amagwira chipika n'kumachizunguza pamene mmisiri akuchipala ndi tchizulo mpaka patatuluka mwendo wa tebulo, mbale kapena chigwiriro, ili m'gulu la makina amene sakalamba msanga. Thupi lake ndi chitsulo chokhuthala chimene chimatha zaka 50 chili chimodzimodzi, ndipo ziwalo zimene zimaperepeseka, monga lamba ndi mabering'i, n'zowerengeka. Apa m'pamene pagona vuto la kuika mtengo, chifukwa zaka za makina sizikuuzani zambiri, ndipo ndalama zimene inu munagulira sizimukhudza wogula ngakhale pang'ono. Wogula wodziwa zinthu amawerengera chinthu chimodzi mumtima mwake: kodi ndiwononga zingati zonse pamodzi kuti makinawa afike kumene ndimagwirira ntchito, alumikizidwe ku magetsi n'kuyamba kuzungulira mowongoka, ndipo ndalamazo zikusiyana bwanji ndi zimene ndingalipire nditagula atsopano? Ntchito yanu ngati wogulitsa ndiyo kuyankha funso limeneli musanalengeze malonda, ndipo zonse zimene zalembedwa pano zikuchokera pa funso lomweli.

Dziwani kaye chimene muli nacho

Yambani ndi kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pa mutu wa makina kapena pa mwendo, pamene pamakhala dzina la kampani, mtundu wa makinawo ndi nambala yake. Mukatero tengani tepi muyeze zinthu ziwiri zimene wogula aliyense adzafunsa. Choyamba ndi kukula kwa chinthu chimene chingazungulire osagunda njanji za makina (zitsulo zazitali zimene mutu ndi mchira wa makina zimakhalapo), kumene mumakupeza poyeza kuchokera pamwamba pa njanji kukafika pakati pa spindle (shafiti ya kumutu kwa makina imene imazunguza chipika) n'kuchulukitsa kawiri. Chachiwiri ndi kutalika kwa chipika chimene chingalowe pakati pa nsonga ya kumutu ndi nsonga ya kumchira, zimene zimagwira chipikacho mbali zonse ziwiri, mbali ya kumchirayo itakankhiridwa kumapeto. Lathe zing'onozing'ono zoika pa tebulo zimazunguza chinthu cha mainchesi 10 mpaka 12, pamene zazikulu zoima pazokha zimayambira pa mainchesi 16 kupita m'mwamba. Makampani ena amaika miyezo imeneyi m'dzina la makina, monga Powermatic 3520 imene imalandira chipika cha mainchesi pafupifupi 35 m'litali ndipo imazunguza chinthu cha mainchesi 20.

Werenganinso zolembedwa pa mota: mphamvu yake, mavoti amene imafuna, ndiponso ngati ndi ya single phase (magetsi wamba a m'nyumba) kapena three phase (magetsi ofala m'mafakitale). Hosipawa imodzi ndi mawati pafupifupi 750. Mota ya three phase ilibe vuto payokha, ndipo nthawi zambiri imakhala yolimba kuposa inzake, koma nyumba zambiri zilibe magetsi a mtundu umenewo, choncho wogula amene amagwira ntchito pakhomo adzafunika kugula inverter, kachipangizo kosandutsa magetsi a m'nyumba kukhala a three phase, kapena kusintha mota yonse, ndipo ndalama imeneyo adzaichotsa pa mtengo wanu.

Mukadziwa zimenezi, funani mtengo wa makina atsopano ofanana nawo lero. Mtengo umenewu ndiwo malire anu a pamwamba, popeza palibe amene angalipire pafupi ndi mtengo wa atsopano pa makina opanda waranti. Ngati mtundu wanu unasiya kupangidwa, yerekezerani ndi makina amakono a kukula kofanana, kulemera kofanana ndi mota yofanana. Kulemera ndakutchula dala. Lathe ya makilogalamu 40 ndi ya makilogalamu 200 zikhoza kukhala ndi miyezo yofanana papepala, koma yoyambayo imavina ikapatsidwa chipika chosawongoka pamene yachiwiriyo imakhala phee, ndipo amisiri amalipira chifukwa cha kukhala phee kumeneko.

Kenako onani zimene makina ofanana ndi anu anagulitsidwa. Ndanena kuti anagulitsidwa, osati zimene eni ake akupempha. Pa eBay pali njira yoonera zinthu zokhazo zimene zinagulidwadi ndi mitengo yake, ndipo makampani ena ogulitsa katundu pa okushoni amasiya zotsatira zawo pa intaneti. Mitengo ya pa Facebook Marketplace ndi masamba ena otsatsa malonda imangosonyeza zofuna za ogulitsa, ndipo makina amene akhala akutsatsidwa miyezi itatu pa mtengo umodzi akukuuzani kuti mtengowo ndi wokwera. Mukapeza zitsanzo zitatu kapena zisanu za makina ogulitsidwadi, muli ndi poyambira pabwino kuposa lamulo lililonse la maperesenti. Zikasowa, ine ndimayambira pa theka la mtengo wa atsopano kwa makina wamba amene ali bwino, n'kukwera kufika pa magawo awiri mwa atatu kwa makina a dzina lodalirika amene asamalidwa. Mayina monga Oneway ya ku Canada, Vicmarc ya ku Australia, Robust ndi Powermatic za ku America amasunga mtengo wake bwino, pamene makina otsika mtengo amene amapangidwa mofanana n'kumangosinthidwa penti ndi dzina amatsika msanga, chifukwa wogula amaona kuti atangowonjezera pang'ono agula atsopano.

Kuyeza makina monga angayezere wogula

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa mtengo weniweni umatuluka pa kuyeza kumeneku. Zolakwika za lathe zili m'magulu awiri, zimene zimakonzeka ndi ndalama yodziwika ndi zimene sizikonzeka, ndipo wogulitsa amene sasiyanitsa magulu awiriwa amatsitsa mtengo pa zinthu zazing'ono n'kumaumirira pa zinthu zazikulu.

Chotsani pulagi ku magetsi, mumasule lamba, muzunguze spindle ndi dzanja. Iyenera kuyenda mwamyaa, popanda kukhulana ngati muli mchenga m'kati. Igwireni muigwedeze m'mwamba ndi pansi, kenako muikankhe ndi kuikoka: ngati mukumva kugogoda, mabering'i atha kapena amasuka. Bwezerani lamba, muyatse makina kwa mphindi 15 pa liwiro lapamwamba popanda chipika, ndipo mukazimitsa mugwire mutu wa makina pafupi ndi mabering'i. Kufunda n'kwachibadwa, koma kutentha koti dzanja silingakhalepo n'chizindikiro choipa. Mabering'i a lathe zambiri ndi a miyezo yopezeka kwa ogulitsa mabering'i wamba, ndipo mtengo wake si waukulu poyerekeza ndi makina onse, koma ntchito yotulutsa spindle imatenga nthawi ndipo si aliyense amene amailimba mtima. Pa makina ena ngakhale kusintha lamba kumafuna kutulutsa spindle yomweyo. Ngati mungathe kuchita ntchitoyi nokha musanagulitse, chitani, popeza wogula akamva phokoso amachotsa ndalama zambiri kuposa zimene mabering'i amagulidwa.

Spindle yopindika ndi nkhani ina. Ngati muli ndi geji ya wotchi imene amakanika amayezera kugwedera kwa shafiti, ikani nsonga yake pa phewa la spindle pamene chuck (chida cha mano chogwira chipika) imakhala, ndiponso m'kati mwa bowo, muzunguze pang'onopang'ono. Singano iyenera kungosuntha timagawo tochepa mwa magawo 100 a milimita. Ikamayenda gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita kapena kupitirira, chilichonse chomangidwa pamenepo chidzagwedera, ndipo kugwedera kumakula chinthu chikamatalikira ku mutu wa makina. Spindle yatsopano ya makina amene akupangidwabe ikhoza kuitanitsidwa, koma ya makina amene kampani yake inatsekedwa imafuna kupangitsa kwa mmisiri wa zitsulo, ndipo pamenepo mtengo wa lathe yonse umagwa kwambiri.

Ikani nsonga ku mutu ndi nsonga ina ku mchira, mukankhe mbali ya kumchira mpaka nsonga ziwirizo zitatsala pang'ono kukhudzana, ndipo mumange. Ziyenera kuyang'anizana ndendende mukaziona kuchokera pamwamba ndi kuchokera m'mbali. Musafulumire kuweruza zikasemphana pang'ono, chifukwa lathe yoima pamalo osalingana imapotoka njanji, ndipo makina amene mutu wake umatembenuka amafuna kungoubwezera pamalo pake. Kusemphana kwa m'mwamba ndi pansi kumene sikuchoka ngakhale mutalinganiza makina ndiko kodetsa nkhawa, makamaka kwa anthu amene amaboola zinthu zazitali kapena kusema zolembera.

Yang'anitsitsani chitsulo chonse ndi tochi, makamaka pa banjo imene imanyamula chotsamira tchizulo, pa mapazi a makina ndi pamene mabawuti amadutsa. Thupi la lathe zambiri ndi la chitsulo chosungunula chimene sichipindika koma chimangothyoka, ndipo kuchiwotcherera n'kovuta. Mng'alu pa banjo ungathetsedwe pogula banjo ina, koma mng'alu pa mutu kapena pa njanji umasandutsa makinawo kukhala ogulitsa chiwalochiwalo, ndipo sikoyenera kuwagulitsa kwa munthu ngati makina ogwira ntchito. Dzimbiri la pamwamba pa njanji lisakuopseni: lathe ya matabwa sidalira kusalala kwa njanji monga imachitira ya zitsulo, popeza tchizulo chili m'manja mwa munthu, ndipo dzimbiri lotere limachoka ndi oyilo ndi chokwechera chofewa. Penti yofumbuluka ilibe kanthu.

Mazinga a spindle ndi bowo lake

Pali chinthu chimene ogulitsa ambiri saganizira koma chimasuntha mtengo kwambiri, ndicho mazinga a pa mphuno ya spindle pamene chuck ndi faceplate (chimbale chachitsulo chomangapo chipika ndi masikuluwu) zimapotokera. Miyezo yofala masiku ano ndi inchi 1 ya mazinga 8 pa inchi, inchi 1¼ ya mazinga 8 pa inchi, ndi M33 x 3.5 imene yafala ku Ulaya ndi pa makina aakulu ambiri. Wogula amene ali kale ndi zida za muyezo umodzi mwa imeneyi amaona makina anu ngati opitiriza zimene ali nazo. Makina akale a ku Britain ali ndi miyezo yawoyawo: Myford ML8 ili ndi inchi 1 ya mazinga 12, pamene Union Graduate, imene inali yofala m'masukulu a kumeneko ndipo ikufunidwabe ndi osema mbale chifukwa cha kulemera kwake, ili ndi inchi 1½ ya mazinga 6. Miyezo yotereyi siipha malonda, chifukwa ma chuck ambiri amakono amalandira kachiwalo kosinthira mazinga, koma ngati makina anu ali ndi muyezo wosowa ndiye kuti faceplate ndi zida zonse zimene zinabwera nawo ziyenera kupita limodzi ndi makinawo. Mukazigulitsa padera mwatsitsa mtengo wa lathe ndi ndalama zoposa zimene mwapeza.

Chimodzimodzinso bowo la m'kati mwa spindle ndi la kumchira, limene limatsatira muyezo wa Morse, dzina lochokera kwa Stephen Morse amene anauyambitsa m'zaka za m'ma 1860. Nambala 2 ndiyo yofala kwambiri ndipo zida zake zimapezeka mosavuta, pamene nambala 1 imapezeka pa makina ang'onoang'ono ndi akale. Pukutani bowolo, mupisemo chala, muone ngati mulibe mikwingwirima yosiyidwa ndi chida chimene chinazungulira m'katimo. Pali makina ena otsika mtengo amene alibiretu bowo lotere, ndipo amenewo amakhala pansi penipeni pa msika.

Kasinthidwe ka liwiro kali ndi mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse umakopa wogula wake. Makina osintha liwiro posamutsa lamba ndi dzanja ndi otopetsa, koma mulibe chimene chingawonongeke kupatula lambayo. Makina a Reeves drive amasintha liwiro ndi chogwirira chimene chimatsegula ndi kutseka ma pulley, mawilo amene lamba amayendapo, makina akuzungulira. Pa makina olemera akale njirayi ndi yolimba, koma pa makina opepuka ma pulley ake amatha, amagwira kapena kusweka, ndipo liwiro lake lotsikitsitsa nthawi zambiri limakhala lokwera kwambiri kwa munthu wofuna kuyamba mbale yaikulu yosawongoka. Makina osintha liwiro ndi magetsi ndiwo amafunidwa kwambiri ndipo amakweza mtengo, koma pali kusiyana kumene muyenera kukudziwa. Ngati liwiro limayendetsedwa ndi inverter wamba yolumikizidwa ku mota ya three phase, ikafa imasinthidwa ndi ina ya kampani iliyonse. Ngati limayendetsedwa ndi bolodi yopangidwira makina okhawo, fufuzani ngati bolodiyo ikugulitsidwabe, chifukwa ikasowa pa msika wogula wochenjera adzawerengera makina anu ngati thupi labwino lofuna mota ina tsiku lina.

Zida zotsagana ndi makina

Chuck ya mano anayi, matchizulo, ma faceplate, nsonga yozungulira ya kumchira ndi chowonjezera kutalika kwa njanji zikhoza kukhala ndi mtengo wofika pa wa lathe yaing'ono yeniyeniyo. Ziwerengereni padera nthawi zonse, ngakhale mutafuna kugulitsa zonse pamodzi, kuti mudziwe chimene mukupereka. Chuck ya kampani yodziwika monga Nova, Vicmarc, Oneway kapena Axminster imagulitsika yokha mosavuta. Matchizulo olembedwa HSS (chitsulo chosafewa msanga chikatentha), makamaka a makampani a ku Sheffield monga Robert Sorby, Crown ndi Henry Taylor, mtengo wake umadalira kutalika kwa chitsulo chimene chatsala, popeza kunola kulikonse kumadya pang'ono. Matchizulo akale a chitsulo cha kaboni, amene amafewa akatenthedwa pa chonolera mpaka kuoneka obiriwira, alibe msika waukulu ndipo ndi bwino kungowapereka limodzi ndi makina.

Zogulitsa pamodzi zimapita msanga ndipo zimakopa munthu woyamba kumene ntchitoyi, amene amafuna kunyamula zonse tsiku limodzi, koma munthu wotero salipira mtengo wathunthu wa chida chilichonse. Mmisiri wodziwa ali nazo kale zida zake ndipo amafuna makina okha. Choncho ndi lathe yaing'ono phatikizani zida, koma ndi lathe yaikulu lengezani mtengo wa makina paokha ndi wa zida paokha.

Kuika manambala pamodzi

Tiyerekeze kuti makina atsopano ofanana ndi anu akugulitsidwa pa 1,000, m'ndalama iliyonse imene mumagwiritsa ntchito. Ndi makina a dzina labwino, ndipo zitsanzo zimene mwapeza zikusonyeza kuti ogwirapo kale ntchito amene ali bwino amagulidwa pakati pa 550 ndi 650, choncho mwayambira pa 600. Mabering'i akulira, ndipo ziwalo pamodzi ndi ntchito zingadye 60. Lamba wang'ambika, ndi 15. Chogwirira chimodzi chomangira banjo chathyoka, ndi 15 winanso. Mwatsala ndi 510. Muli ndi chuck imene yatsopano imagulidwa 200 ndi matchizulo asanu abwino, zimene pamodzi mungapeze nazo 150 mukazigulitsa padera kapena 100 mukaziphatikiza ndi makina. Mtengo wa zonse pamodzi uli pafupi ndi 610. Mukasintha mabering'i ndi lamba nokha pa ndalama ya ziwalo zokha, mwabweza zambiri mwa zimene munachotsa, ndipo wogula sapezanso pogwira akamanenerera.

Kunyamula kumalowa m'masamu omwewa. Lathe ya pa tebulo imanyamulidwa ndi anthu awiri kulowa m'galimoto yaing'ono, motero ogula ake ndi ambiri ndipo mtengo wake poyerekeza ndi wa yatsopano umakhala wokwererapo. Makina oposa makilogalamu 250 amafuna kumasulidwa, galimoto yaikulu ndi anthu angapo kapena chonyamulira, ndipo ngati ali m'chipinda cha pansi kapena kuseri kwa masitepe ogula ena amabwerera asanafunse n'komwe mtengo. Mukalonjeza kumasula mutu, mchira ndi miyendo ndi kuthandiza kukweza, mwachotsa chifukwa chimodzi chachikulu chotsitsira mtengo.

Kwa amene munagula makinawo ndi cholinga chogulitsanso, masamu amayenda chobwerera. Yambani ndi mtengo umene makinawo angagulidwe atakonzedwa, muchotse ziwalo, kunyamula, ndalama imene tsamba lotsatsa malonda limadula, maola anu ndi phindu limene mukufuna, ndipo chotsalacho ndicho chimene simunayenere kupitirira pogula. Ngati munapitirira, msika sudzakubwezerani kusiyanako. Pokonza, ikani ndalama pa zimene zimamveka ndi kugwirika: mabering'i, lamba, swichi, waya wa magetsi, zomangira zimene zimagwira popanda kumenya ndi nyundo. Kupaka penti yatsopano sindikulimbikitsa, chifukwa kawirikawiri sikubweza ndalama ndi nthawi, ndipo wogula wodziwa akaona penti yonyezimira pa makina akale amayamba kufunafuna mng'alu umene wabisika pansi pake.

Polengeza, onjezerani maperesenti 10 kapena 15 pamwamba pa mtengo umene mukufunadi, kuti wonenerera apeze potsikira, koma dziwani nambala yanu yotsiriza munthu asanafike, ndipo muilembe penapake kuti isasinthe pakati pa kukambirana. Lembani miyezo yonse, mazinga a spindle, nambala ya Morse, zolembedwa pa mota ndi zolakwika zonse zimene mwapeza, pamodzi ndi zithunzi za kachitsulo ka dzina, za nsonga ziwiri zitayang'anizana ndi za mazinga ali oyera. Kavidiyo kakafupi ka makina akuzungulira kuchokera pa liwiro lotsika kufika lapamwamba kamayankha mafunso ambiri kuposa mawu. Buku la malangizo ndi lisiti, ngati zilipo, zitchuleni. Siyani makina olumikizidwa ku magetsi, ndi chipika chaching'ono pambali, kuti wobwera kudzaona ayese yekha, chifukwa lathe imene munthu sangaiyatse amaigula pa mtengo wa makina okayikitsa.

Mafoni akachuluka tsiku loyamba lomwelo ndipo aliyense akufuna kubwera ndi ndalama osanenerera, mtengo munauika pansi, ndipo palibe cholakwa kugulitsa kwa woyamba amene munagwirizana naye n'kutengapo phunziro la ulendo wina. Pakatha milungu iwiri kapena itatu popanda wofunsa mwachidwi, onaninso zithunzi ndi mawu a malonda anu poyamba, ndipo ngati zonse zili bwino tsitsani kamodzi ndi maperesenti 10. Kutsitsa pang'onopang'ono mlungu uliwonse kumaphunzitsa oonerera kudikira mlungu wotsatira. Lathe yaikulu imafuna kuleza mtima kuposa yaing'ono chifukwa ogula ake ndi ochepa, choncho ipatseni mwezi wathunthu, ndipo muitsatsenso kwa magulu a amisiri osema ndi lathe, kumene kuli anthu amene amadziwa kusiyana kwa makina olemera ndi opepuka popanda kuwafotokozera.